Mazira Awiri Apatsogolo pa Mzere wa Mayi Meng Guilan

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1947 konkuno ku Tianjin, m'nyumba ya chipinda chimodzi kuseri kwa msika wakale. Makolo athu anawatcha Meng Guilan, ngakhale ambiri a inu mwakhala mukungowaitana kuti Achemwali, kuyambira ana asukulu mpaka nkhalamba zowaposa msinkhu. Ine ndine Meng Guisheng, mlongo wawo wamng'ono. Ntchito yanga inali yokonza mawotchi, choncho mundikhululukire, mtima wanga sukhala m'malo ndisanatsegule chinthu ndi kuona chimene chikuchiyendetsa. Banja litandipatsa udindo wolemba mbiriyi, malemu akadali m'chipatala, ndinaganiza zofufuza funso limene tonse takhala nalo kwa zaka khumi ndi zinayi: kodi mazira awiri aja, amene ankakhala patsogolo pa mzere pangolo ya malemu ya jianbing, chakudya chathu cham'mawa chija, anali a yani? Yankho ndalipeza, ndipo ndiyenera kulinena lero lomwe. Mwana wamkazi wa malemu, Xiaoyan, amene waima kumbuyo uko pafupi ndi chitseko, ali ndi tikiti ya sitima ya 4 koloko madzulo ano. Dzulo wandiuza kuti wangobwera kudzagwada basi, popeza mayi ake anamufufuta mumtima kalekale.

Bambo athu anafika mumzinda muno m'chaka cha 1938 kuchokera ku Shandong, akukankha wilibala momwe munali chiwaya, mphero ndi thumba la mphodza. Kwawoko jianbing inali kamba wa paulendo, youma gwa, yotha mano. Kuno anapeza anthu apadoko ataisintha kale: phala la mphodza lofalitsa pachiwaya mopyapyala, n'kulipinda lili lofewa, mkati muli mandasi aatali aja. Bambo anadandaula chaka chathunthu kuti anthu a ku Tianjin aononga chakudya cha makolo, kenako anayamba kuphika momwemo chifukwa njala ilibe manyazi. Za amene anayambitsa chakudyachi ndafunsa akuluakulu asanu ndi mmodzi, ndipo ndamva mbiri zisanu ndi ziwiri. Ena akuti asilikali akale amene anataya miphika pankhondo, ena akuti amalinyero amumtsinje. Chimene onse akugwirizana n'chakuti aliyense amene anachigwira anachisinthako pang'ono, n'kumalumbira kuti chinali chonchi kuyambira kale.

Malemu anayamba sukulu m'chaka cha 1954 ndipo analekeza mu 1960. Apo n'kuti ngolo ya bambo italowa kale m'gulu la boma, chiwaya chawo chakale atachibisa pansi pa bedi. Mu 1964 malemu analembedwa ntchito pafakitale yoluka nsalu, kumene anagwira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Pa 1 Meyi 1970 anakwatiwa ndi Bambo Tong Deshun a kufakitale ya njinga, munthu wofatsa amene pa zaka makumi atatu ndi zitatu zaukwati sanapambanepo mkangano ngakhale umodzi. Anadalitsidwa ndi ana awiri, Jianye mu 1972 ndi Xiaoyan mu 1975.

Pa 28 Julayi 1976 chivomezi chija chinagwetsa khoma la nyumba yathu. Anthu akukumba kufuna zovala ndi mabulangete, malemu ankakumba ndi manja kufuna chiwaya cha bambo. Anachipeza chosasweka. Kwa miyezi imene tinagona m'misasa, ankaphikira anansi onse pamafuwa a njerwa zakugwa. Mazira anali ogula ndi makuponi, ndipo amene wapeza limodzi ankabwera nalo atalikulunga pakansalu, kuti Achemwali amuswere pa jianbing yake.

Mu Epulo 1981, boma litalola malonda a munthu payekha, malemu anasiya ntchito n'kuimika ngolo ya matayala atatu pakona ya msewu wathu. Mwambo wa pangolopo mukuudziwa nonse. Munthu amabwera ndi mazira ake, amawaika pathireyi kumbuyo kwa a mnzake, n'kupita kukasukusula kapena kukataya zinyalala, mazirawo n'kumamuimira pamzere. Malemu sanasokonezepo dzira la munthu. Tsiku lina chaka chomwecho ine ndinafuna kudziwa mmene amawazindikirira, choncho ndinasinthanitsa awiri iwo atatembenuka. Osadzutsa ngakhale mutu anati, "Guisheng, bweza dzira la a Huo pamalo pake usanalawe mbama." Mpaka lero sindikudziwa kuti anaona bwanji. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo sanaliphwanyirepo wina aliyense, kaya mkulu waboma: dzira likakhala pamzere, mwini wake sanachoke.

Pa kaphikidwe ndiye anali ouma mutu ngati mphero yomweyo. Phala linali la mphodza wokhawokha, lopanda ufa wa tirigu ngakhale supuni. Pamwamba dzira, anyezi wamasamba, msuzi wokhathamira wa soya, mandasi, basi. Wina akapempha soseji kapena letesi, ankamulozera njira ndi kathabwa kofalitsira phala, n'kunena kuti, "Pitani kusiteshoni, bambo, kumeneko amadyetsa alendo chilichonse."

Mu 1999 Xiaoyan anasamukira ku Shenzhen, kumene anatsegula sitolo yake ya jianbing. Anthu akumeneko ankafuna tirigu, letesi ndi soseji, ndipo iye anawapatsa, monga mmene agogo ake anachitira ndi anthu akuno. Mu 2003 Bambo Tong anamwalira. Mu Febuluwale 2010 Xiaoyan anabwera kudzadya Chaka Chatsopano cha makolo athu, koma anabwerera masiku ake asanakwane. Kuyambira pamenepo mayi ndi mwana ankangolankhulana pafoni kamodzi pachaka, nkhani yake kuzizira ndi mawondo. Ndipo kuyambira mwezi womwewo, m'mawa uliwonse patsogolo penipeni pa thireyi pankakhala mazira awiri amene mwini wake sankaoneka. Tikafunsa, malemu ankangoti, "Wangopita kukasukusula, abwera."

Sabata yatha ndinakacheza ndi Bambo Huo Baoshan, amene akhala kutsogolo kuno ndi ndodo yawo. Iwo anali oyamba pamzere kuyambira 1981, ndipo akudandaula kuti kuyambira 2010 akhala achiwiri popanda mlandu. Anandiuza kuti m'mawa wina wa Febuluwale uja Xiaoyan anawalawirira, anaika mazira ake awiri patsogolo monga mwana wamumsewu uno, kenako mwanthabwala anatulutsa letesi m'chikwama kuti mayi ake ayeseko. Malemu sanaseke. Anthu onse akumva, ananena kuti chimene mwanayo amagulitsa si chakudya cha agogo ake, ndipo wogulitsa zotere si wa pachiwaya chino. Xiaoyan anatembenuka n'kumapita, mazira anatsala. Nditafunsa a Huo chifukwa chimene sanatiuzire zaka zonsezi, anati, "Munandifunsa liti? Nonse munkathamangira kwa mwini ngolo ngati ine ndilibe maso."

Koma dzira silikhala zaka khumi ndi zinayi, ndipo apa m'pamene mtima wa wokonza mawotchi unakanabe kukhazikika. Ndinapanikiza Jianye, amene wakhala akukankha ngolo ya mayi ake kuyambira 2015. Iye anati tsiku lililonse cha m'ma 10 koloko, anthu akatha, mayi ake ankamutuma kukatunga madzi ngakhale ndowa ili yodzaza. Akabwerako ankapeza mazira aja palibe, mayi akupukuta pakamwa, ndipo m'mawa mwake pamalopo pankakhala ena atsopano. Tsiku lina akutsuka ngolo anapeza pansi pake kachitini kovindikira bwino. Munali masamba a letesi ndi soseji yodula pakati. Anakabwezera pomwepo, chifukwa naye amadziwa kulemera kwa dzanja la mayi ake.

Mu Novembala 2023 malemu anayamba kudandaula chifuwa ndi kubanika. Pa 2 Januwale 2024 anagonekedwa m'chipatala, kumene madokotala anapeza chibayo pamwamba pa mtima wotopa. Pa 11 Januwale ndinakhala pambali pa bedi lawo n'kulimba mtima kuwafunsa za kachitini kaja. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikuyembekeza mbama yanga ya 1981. Kenako anati, "Letesi uja ukamuika chiwaya chikupsa amangolefuka ngati nsanza. Koma ukayamba waphula, n'kumuika pomaliza, sizoipa kwenikweni. Soseji ndiye ayi, ndi yopusabe. Usakamuuze mwanayo, angatukumuke." Ndinalonjeza. Anatisiya m'mawa wa pa 14 Januwale ali ndi zaka 76, Xiaoyan akadali panjira. Lero ndaphwanya lonjezolo pamaso panu nonse, ndipo sindikuchita manyazi. Chimene chikundipweteka n'chakuti sindinafunse zaka khumi zapitazo, ine amene ndimatsegula chilichonse.

Malemu asiya mwana wamwamuna, Tong Jianye, ndi akazi ake Mayi Dou Lixia. Mwana wamkazi, Tong Xiaoyan. Zidzukulu zitatu, Haoran, Yutong ndi Siqi. Komanso ine mlongo wawo. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anapirira wodwala wokonda kulamula. Ndikuthokoza amayi a mumsewu wathu amene akhala akuphika ndi kusoka zovala zamaliro masiku atatuwa, anzawo akale a kufakitale ya nsalu amene abwera ndi nkhata zamaluwa, ndi Bambo Shan opanga mandasi, amene kwa zaka makumi anayi sanachedwetsepo dengu la malemu.

Xiaoyan, mwana wanga, tsopano ndilankhule ndi iwe ngati malume ako. Mawu a tsiku lija anali owawa, ndipo mayi ako sanadziwe kuwabweza ndi pakamwa. Koma lamulo la pangolo ija ukulidziwa bwino kuposa ine. M'mawa uliwonse kwa zaka khumi ndi zinayi ankakuika patsogolo pa anthu onse, ndipo anthu akachoka ankadya chakudya chako, kufuna kumvetsa chimene unaonamo. Mawa m'mawa Jianye ayatsa moto pansi pa chiwaya cha agogo ako. Mazira awiri wawaika kale pamalo pake. Bambo Huo akuti akhoza kudikira tsiku limodzi lina, koma ukumbukire kuti ali ndi zaka 88. Sitima za ku Shenzhen zimanyamuka tsiku lililonse.

Achemwali, mwaimirira pachiwaya zaka zokwana, tsopano khalani pansi. Mzimu wanu uuse mumtendere. Mzere wanu sitinausokoneze, ndipo mwini mazira uja wabwera.