Wa Lendi Amene Anayamba Wafunsa za Chimbudzi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine ndine mayi wamasiye wa ku Area 23, ndipo umboni wanga ndi wa zipinda za lendi zimene zinatsala pang'ono kundichotsetsa pa poloti.

Amuna anga pomwalira anandisiyira zipindazo kuseri kwa nyumba. Posankha wolowamo ine ndinkayang'ana nsapato ndi tayi, poganiza kuti wa mu ofesi sangandivutitse. Ndinalemba m'madzi. Wina anasandutsa chipinda malo oonetsera vidiyo, phokoso tsiku lonse. Wina posamuka anazula ndi loko yemwe. Tsiku lawo lotsuka chimbudzi likafika, onse ankati achedwa ku ntchito, wotsuka n'kukhala ine ndemwe, ndi bipi yangayi. Ndinawachotsa onse, zipinda zinatsala ndi mphemvu zokhazokha.

Ndiye kunabwera alamu anga, akulu awo a malemu. Anati, "Mlamu, zakukanikani izi. Mvula ikapeza zipinda zili chonchi, poloti tigulitsa, inu mubwerere ku Thyolo." Ku Thyoloko ine ndilibe ngakhale kamunda. Ndinatopa, abale. Kupemphera ndinkapemphera, koma mawu anali atandithera, ndinkangoti, "Ambuye, mukundiona."

Tsiku lina m'mawa kunafika a Kachepa, bambo wogulitsa makala ku msika wa Chilinde, malaya ali bii. Mumtima ndinawakana asanatsike n'komwe pa njinga, ndipo chipinda ndinawaonetsa pongowalemekeza. M'chipindamo sanachedwemo. Anati, "Amayi, chimbudzi chili kuti?" Atakachiona anafunsa, "Nanga ine ndi mayi a kunyumba, tsiku lathu lotsuka lizikhala liti?"

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Chiyambire kuchititsa lendi, panalibe amene anandifunsapo funso limenelo. Kiyi ndinawapatsa pomwepo.

Kuchokera apo aliyense wofuna nyumba ndinkayamba ndamuzungulitsa kuseri, ku chimbudzi. Wotsina mphuno n'kuyang'ana kumbali ndinkamuuza kuti akayese kwina, kaya wavala suti. Ena anachita kubwera nawo a Kachepa, anthu odziwa tsache, mpaka zipinda zinadzaza.

Mvula yoyamba itagwa alamu anafika, wogula poloti ali pambuyo. Anapeza pabwalo posesedwa, zovala pa chingwe, mbaula pa khomo lililonse. Alamuwo anakhala pansi, anamwa madzi, kenako anapempha kupita kuseri. Atabwerako anayang'ana mnzawo uja, n'kuyang'ana ine, n'kungoti, "Mlamu, khalani."

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira chipulumutso pa njinga ya makala, ine ndikuchidikira chitavala tayi. Inu amene mwatopa ngati mmene ndinatopera, musasiye kupemphera, ngakhale atakutsalirani mawu awiri okha. Ine ndikadali pa poloti panga.