Tchuthi cha Pabwato Chimene Sitinabwerere

Aulutsi ndi omvera anzanga, yanga ndi iyi. Nthawi ya chipani chimodzi tinkakhala ku Katawa mu Mzuzu, amuna anga ali kalaliki m'boma. Tsiku lina anaweruka msanga n'kunena kuti, "Konzani ana, tikachite tchuthi kwathu kunyanja. Tiziyenda pabwato, tizigona m'magombe."

Ine wa ku Dedza madzi ndimawaopa, koma ana athu awiri anadumpha ndi chimwemwe, ndiye ndinalola.

Ku Nkhata Bay tinabwereka bwato n'kulowera kumpoto, kopanda msewu. Iwo ankapalasa, ine ndikukapa madzi ndi chibekete mpaka manja kuchita matuza. Tinkagona pamchenga titafunda lona, udzudzu osatipatsa mpata. Kenako mwera unakula, tinakocheza pamiyala n'kukhalapo masiku angapo. Ufa unatha, wamng'ono n'kuyamba kutentha thupi.

Ndinati, "Abambo, zakwana. Tibwerere, mwanayu akaonedwe kuchipatala."

Anazyolika. "Mama, ku Mzuzu sitingabwerere. Wina wakandinenera kuti ndanyoza boma. Aboma akundifuna."

"Ndiye tchuthichi n'kuthawa?"

"Ndinaopa chomene kuti mukana."

Sindinalire, mphamvu zolirira ndinalibe. Ndinangobereka mwana n'kutenga nkhafi yachiwiri, n'kuyamba kupalasa nawo. Mwanayo anakachirira kumudzi kwa apongozi anga, koma tinakhalako zaka zambiri, ndipo katundu amene tinasiya m'nyumba sitinamuonenso. Mpaka lero ndikaona bwato mapewa amandilemera.

Abambo amene mukumvera, zinthu zikavuta muuzeni mkazi wanu musananyamuke. Amuna anga akanandiuza, ine ndikanapita nawobe, koma ndikananyamula mankhwala a ana, osati madiresi okachezera.