Ndinamuyankha za Njovu

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi, koma dzina langa musatchule. Ndine mlonda pa kampu ina ya alendo ku Nkwali.

Mwana wanga wamkazi anapeza ntchito mulesitilanti pakati pa mzinda wa Lusaka, koma ankakhala kukomboni kwa azakhali ake. Tsiku lina anandiimbira foni.

"Atate, ndimaweruka cha m'ma 23 koloko usiku, maminibasi atasiya kale kuyenda. Ndimakwera galimoto iliyonse imene yandiimira, n'kutsika pamsewu waukulu. Kotsalako ndimayenda ndekha. Kodi ndisiye ntchitoyi?"

Ndinaseka. "Mwanawe, ine ndimapalasa njinga usiku njovu zili m'mitengo ya mango. Kumeneko kuli magetsi. Ukuopa chiyani?"

"Chabwino, atate," anatero.

Mwezi usanathe anafika kumudzi dzanja lili m'bandeji, akuti anagwa. Azakhali ake ndiwo anandiuza zoona: anyamata awiri anamudikirira panjira, ndipo anamucheka ndi mpeni pomulanda chikwama.

Sanandidzudzule. Madzulo ena, ndikukonza tochi kuti ndizipita kuntchito, ndinamupepesa. Anayang'ana pansi nati, "Atate, inu njovu mumaimva ikamathyola nthambi. Anyamata aja sindinawamve."

Zala zake ziwiri sizipindikanso mpaka lero. Anabwerera ku Lusaka, ndipo ndikamufunsa za kayendedwe ka usiku amangoti, "Zili bwino, atate." Sindidziwa ngati n'zoona.

Makolo anzanga, mwana akakuuzani kuti akuopa, musamuseke. Ine ndinaseka, ndipo tsopano sandiuzanso kanthu.