Rauta Yatsopano ndi Apongozi

Pamzere wa m'sitolo ya mafoni, bambo wa jekete lonyezimira anali atapanira m'khwapa rauta yakale, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba. Mayi amene anaima kumbuyo kwake anaiyang'ana n'kuseka.

"Bambo, kachinthu kameneko kakugwirabe ntchito?"

"Kakukwawa, mayi. Ine ndayenda maiko, ndagona m'mahotela momwe netiweki imakutsata mpaka kubafa. Koma kwanga, nyumba yomanga ndi thukuta langa, imathera pakhomo la khitchini."

"Ndiye gulani yatsopano. Mukukayikiranji?"

"Apongozi anga. Anati abwera kudzangotiona, pano ali ndi mpando wawowawo pabalaza. Dzulo anena kuti mafilimu awo akumaduka pafoni, ndipo zikapitirira akakhala kwa mlamu wanga."

"Aaa! Nanga pamzere pano mwaimiranji?"

"Madamu andituma. Akuti ndisabwerere chimanjamanja."

"Mukufunayo imafika kuchipinda cha alendo?"

"Imaboola makoma, mayi! Ine sindigula zachibwana."

"Yoteroyo ine ndinagula chaka chatha. Apongozi anga satulukanso m'chipinda, chakudya timawapititsira komweko. Pano aitanitsa achemwali awo kuti adzaonere limodzi."

"Mayo ine! Ndiye lero mwadzatani muno?"

"Kudzafunsa ngati ali ndi yofooka. Kapena mundigulitse yanuyo?"

Bamboyo anaikumbatira rauta yake ndi manja onse awiri n'kutuluka pamzere.

"Ngakhale mundipatse galimoto, mayi! Dutsani. Madamu ndikawauza kuti zabwino zifika chaka chamawa."