Tsiku Lomwe Gudumu Linaphulika ku Jarrow

Olemekezeka a Meya a mzinda wathu wa Jarrow pamodzi ndi mayi, olemekezeka Bambo Thirlwell, wapampando wa kampani ino ya Ridsdale ndi Thirlwell, Abusa Dunn, akuluakulu ochokera kwa okhoma sitima m'mbali mwa mtsinje wa Tyne, mainjiniya, amisiri osula, osonkhezera moto, ndi inu amayi mwaima kumbuyoko, amene mumatibwereka amuna anu m'mawa uliwonse osadziwa ngati tikubwezerani ali amphumphu: ndakulonjerani nonse.

Ndikuthokoza kuti mwakumbukira nkhalamba yopuma ntchito, ya khutu limodzi, kuti idzatsegulire nyumba yoyeseramo injiniyi. Mukafuna kundiwombera m'manja, womberani mbali ino, mbali inayi mungotaya mphamvu.

Ndamva ena akung'ung'udza kuti makomawa akhuthala mopitirira, ati tamanga ndende osati malo a ntchito. Ndiloleni ndiwayankhe ndi zimene maso anga anaona.

Pamene tinkayamba kupanga tabaini, tonse tinali ozolowera injini zakale zija, zopumira pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokhuta. Iyi inali ina: gudumu lachitsulo la timapiko tosawerengeka, nthunzi ikamaliwuzira n'kumazungulira mpaka diso kuona ngati laima. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa liwiro limene chitsulo chingapirire. Njira yodziwira inali imodzi, kulizungulitsa ife titaima pambali pake, m'shedi ya njerwa imodzi, kutsidya kwa msewu kuli sukulu ya ana.

Ndinkagwira ntchito ndi mlamu wanga Enoch Pattinson, mwamuna wa mlongo wanga Hannah. Anali wamfupi, wa mikono ngati mizati, wosatha nthabwala. Injiniyo anaitcha Apongozi, ati ikayamba kulankhula palibe woidula.

Tsiku lina m'nyengo yachisanu, dzuwa likuyandikira pamutu, chitsulo cholumikiza gudumu ku makina a magetsi chinathyoka. Gudumu linatsala lopanda katundu wolichedwetsa, ndipo chipangizo choletsa liwiro chinakana kugwira. Kulira kwake kunayamba kukwera. Abale anga, phokoso limenelo sindilifunira munthu. Linalowa m'mano. Masipanala anayamba kuyenda okha patebulo, fumbi likugwa kudenga. Amuna olimba mtima anathawa, ndipo sindiwanena, chifukwa inenso ndinkafuna kuwatsatira. Mpopi wotsekera nthunzi unali kuseri, pafupi penipeni ndi gudumulo. Chitseko chitatseguka, tinamva ana akusewera pabwalo la sukulu.

Enoch anandigwira paphewa n'kundikuwira m'khutu. "Alamu, miyendo yaitaliyo igwire ntchito lero. Kachotseni ana pabwalo. Apongoziwa ndisiyireni ine."

Ndinathamanga. Aphunzitsi ataona munthu wakuda ndi mafuta akukuwa, anayesa ndaledzera, ndipo anafuna kunditsekera geti. Ndinanyamula ana awiri m'khwapa, enawo n'kuyamba kulira n'kumanditsatira, mpaka tonse tinakabisala kuseri kwa kalasi. Kumeneko ndinamva kulira kwa gudumu kukusiya kukwera. Ndinadziwa kuti Enoch wafika pampopi ndipo akupotokola. Koma mpopi wa masiku amenewo sunkatsekeka msanga, ndipo chitsulo chinali chitatopa kale.

Linaphulika. Chibenthu cholemera kuposa munthu chinaboola khoma, kudumpha msewu, kudula mpanda wachitsulo wa sukulu, n'kudzikwirira pabwalo, pomwe panali patatsala zingwe zodumphira ndi kachipewa ka mwana.

Enoch tinamupeza pansi pa mpopi, nthunzi itamuwotcha, nthiti zitaphwanyika. Tikumunyamula, anandifunsa za ana. Ndinamuuza kuti onse ali moyo. Anandiyang'ana nati, "Nanga mukuopa chiyani, alamu? Chotsala choopsa ndi chimodzi, kukamuuza Hannah. Chimenecho ndi chanu."

Sindinapite kutali. Hannah anali pageti la kampani ndi chitini cha chakudya cha mwamuna wake, chikadali chotentha. Mzinda wonse unali utamva kuphulikako. Anandiyang'ana kumaso, n'kundipatsira chitinicho kuti ndimugwirire, iye n'kulowa. Enoch anamwalira tsiku Lamulungu lisanafike.

Olemekezeka, injini imene ili m'dzenje mkatimu lero, ya Enoch ija ingaoneke ngati mwana wake. Dzulo ndinatsikamo kukaiona. Ndinayika dzanja pachitsulo chake chili chozizira, ndipo ndinalichotsapo msanga ndi mantha. Sindichita nazo manyazi. Inu mainjiniya achinyamata, masamu anu ndi akuthwa kuposa athu, chitsulo chanu ndi choyera kuposa chathu, ndipo magetsi amene mudzapange adzawalitsa misewu imene ife tinkayendamo mopapasa. Koma mng'alu wobisala mkati mwa gudumu suoneka ndi maso, sulemekeza sukulu imene munthu anaphunzira, ndipo suchenjeza kawiri. Tsiku limene mudzalowe muno mukuyimba mluzu, osaopa kanthu, tsiku limenelo mudzapemphe ntchito ina.

Bambo Thirlwell, ndikuthokozeni pamaso pa anthu onsewa chifukwa mpopi wotsekera nthunzi mwauika kunja kwa khoma, kuti pasadzakhalenso munthu wopemphedwa kusankha pakati pa moyo wake ndi wa ana a eni. Pempho langa ndi limodzi. Belu lochenjeza likalira, aliyense azituluka. Kaya ndi mwini kampani, kaya ndi mlendo wofuna kuonera pafupi, ngakhale inuyo a Meya ndi unyolo wanu wagolidewo.

Posachedwapa belulo lilira koyamba, ndipo gudumu liyamba kuzungulira. Amayi, gwirani ana anu padzanja. Abusa, musapite patali. Ine mundipeza kuseri kwa khoma, ndipo amene afune kundipitirira pothamangira kumeneko ayesetse ndithu.

Ndi mtima wothokoza, ndi mtima wamantha, ndikulengeza kuti nyumba yoyeseramo injini ya Ridsdale ndi Thirlwell yatsegulidwa tsopano. Mulungu asunge onse olowamo, ndipo azitulukamo ndi miyendo yawo.

Zikomo kwambiri nonsenu.