Womasulira wa Pafoni

Pasiteji ya basi ku Thamesmead, ku Mangalande, panafika mwamuna wovala chipewa chobisa nkhope, n'kukhala pafupi ndi mtsikana amene ankadandaula yekha m'Chichewa.

"Kwagwanji, achemwali?"

"Amayi anga mwendo watupa. Adokotala atawafunsa mmene alili, mwaulemu wakumudzi ayankha kuti, 'Ndili bwino, kaya inu?' Womasulira wa pafoni, dzina lake Felton, n'kumasulira momwemo. Basi, atibweza!"

"Ndiye iyeyo walakwanji?"

"Kwathu munthu amavomera moni ngakhale ali pamachira! Matenda amatuluka pafunso lachitatu. Ndikam'peza Feltoniyo, ndim'kokera kuchipatala ndi khutu akakonze. Komatu mawu ake okoma, ngati anuwa. Dzina lanu ndani?"

"Ine? Greenwell."

Basi itaima, mayi wina wotsika anakuwa.

"Chipewa chonsecho mukubisala ndani, a Felton?"