Zogwirira Ziwiri za Kutsogolo

Malemu amene atisonkhanitsa pano, amene ambiri munkawadziwa ndi dzina loti a Jeneza, anabadwa pa 9 Malichi 1946, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine mlamu wawo, mlongo wa mayi a pakhomo pano amene anatsogola kale.

Sukulu anayamba mu 1954 koma analekezera Sitandade 4, aphunzitsi atawauza kuti asinthe dzina ndi chipembedzo ngati akufuna kupitiriza. Bambo awo anawatulutsa tsiku lomwelo. Anamaliza madrasa, kenako anaphunzira ukalipentala. Mu 1969 anakwatira mlongo wanga, ndipo Mulungu anawapatsa ana asanu, aamuna awiri ndi aakazi atatu.

Mu 1973 Msilamu wina wogwira ntchito yokonza misewu anamwalira kudera kumene kunalibe mzikiti. Anaikidwa ndi akaidi, osasambitsidwa, wopanda sanda yomukulungira. Nkhaniyi inawasowetsa mtendere malemu. Anaitana anzawo asanu ndi mmodzi m'shedi yawo, ndipo atakhala pamilu ya matabwa anayambitsa bungwe la Asilamu. Lamulo loyamba anaika iwo: nthambi isatsegulidwe popanda jeneza lonyamulira maliro, ndi anthu awiri odziwa kusambitsa thupi, mwamuna ndi mkazi. Ofesi ndi chidindo, anati, zibwera pambuyo.

Jeneza lililonse ankakhoma okha n'kukapereka okha. Makondakitala a basi ankawakana. Akatsika nalo padepoti anthu ankafunsa kuti wamwalira ndani, iwo n'kuyankha kuti palibe, koma musade nkhawa, apezeka. Dzina lija linachokera pamenepo. Pofika 1985 nthambi zinali 14. Mu 1998 zinali 63, m'zigawo zonse za dziko lino, zina zili ndi madrasa, mijigo ndi zipatala. Kumene lero mukuona mzikiti wa njerwa, dziwani kuti kunayamba kufika jeneza lawo.

Tsopano ndafika pamene ena mukufuna ndilumphe. Sindilumpha. Mu 2003 bungwe linagawanika. Achinyamata obwera kumaphunziro akunja anati maliro aziperekezedwa mwakachetechete. Akuluakulu anati anakula akuyimba zikiri panjira ya kumanda ndipo sasiya. Mabungwe anakhala awiri, kenako anayi, lililonse ndi galimoto yake ndi chikwangwani chake. Mwana wawo woyamba, mphunzitsi, anatsalira kwa oyimba. Wachiwiri, shehe, anatsogolera osayimba. Malemu anapitiriza kukhomera majeneza mbali zonse, ndipo mbali zonse zinkawanena kuti ndi apawiripawiri.

Pa 2 Ogasiti 2012 mlongo wanga anamwalira. Tili panjira ya kumanda, pafupi ndi chigayo, ena anayamba zikiri, ena anawaletsa, mpaka anthu kugwirana malaya. Onyamula anatula jeneza pansi. Mayi wa ana asanu anagona pafumbi, padzuwa, pafupifupi ola lathunthu, njinga zikulambalala, ana awo aamuna akulozana zala pamwamba pawo. Malemuwa, bambo wa anawo, anangokhala pansi pambali pa jeneza n'kumaingitsa ntchentche ndi chipewa chawo. Ndinalipo, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pachigayopo ndimayang'ana kumbali. Chichokereni tsikulo, ana awiriwa sanapatsanepo moni.

Malemu anayamba kudwala impso mu Novembala 2023, ndipo anagonekedwa m'chipatala katatu. Ana aakazi ndiwo anawadwazika. Aamuna ankabwera kudzazonda, inde, koma wina akaona galimoto ya mnzake panja ankabwerera pageti. Mu Meyi chaka chino, miyendo itatupa, anapempha kuti tiziwanyamula kupita kushedi. Kwa masabata atatu, ali chikhalire pampando, nyundo ikuwapulumuka m'manja, anakhoma jeneza lomaliza. Ndi limene agonamo pakhondepo. Atisiya lero m'mawa, pa 17 Juni 2025, ali ndi zaka 79.

Mawu amene anandisiyira ndi awa. Anati kaya muyimba, kaya mukhala chete, iwo sadzamva. Kumbuyo kwa jeneza mulandizane monga mwa masiku onse. Koma zogwirira ziwiri za kutsogolo asazikhudze munthu wina, ngakhale akhale tcheyamani wa bungwe liti. Kumanja agwire woyamba, kumanzere wachiwiri, kuchokera pakhomo pano mpaka kumanda, osasinthana ndi munthu, osatula.

Malemu asiya ana asanu, zidzukulu 19 ndi zidzukulutudzi zinayi. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, aneba amene ankatithandiza kuwanyamula, adzukulu amene akumba manda, ndi amene asambitsa thupi, omwe anaphunzitsidwa ndi malemu omwewa. Likuthokozanso mabungwe onse anayi, popeza onse mwabwera, ngakhale mwakhala motalikirana.

Allah awakhululukire zolakwa zawo, awakulitsire manda awo, ndipo ause mumtendere.

Aphunzitsi, ndikukuonani apo. A shehe, mwaima kunja kwa geti ndi anthu anu, koma ndikudziwa kuti chimkuzamawuchi chikufika. Dzuwa lapendeka, ndipo bambo anu sagona pano. Mayi anu tinawatula pamsewu. Awa sitiwanyamula mpaka mulowe.